Tsiku Limene Abambo Anandiitana Rozina

Linali Lachiwiri, nyengo ya dzuwa, chimanga chili kale m'nkhokwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinkapeta nyemba kuseri kwa nyumba, mng'ono wanga Tereza akutola zogwa pansi n'kumaziika m'chipande. Iye anali ndi zaka zisanu. Kwathu kunali tsidya la malire, ku Mozambiki, koma chilankhulo chinali chomwechi. Amayi anali atalawirira kudimba ndi khanda kumsana. Abambo ankafolera khola la mbuzi.

Mfuti yoyamba inamveka ngati nsungwi ikuphulika pamoto. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Kenako zinalira zambiri cha kumtunda kwa mudzi, ndipo utsi unakwera pamene panali nyumba ya aphunzitsi.

Abambo anadumpha padenga la khola, luzi lili m'manja. “Nankhoma, tenga mwana. Kubango.” Ananena zokhazo. Iwo analowera njira ya kudimba kuti akatenge amayi.

Nankhoma ndine. Dzina langa la ubatizo ndi Rozina, ndipo kusukulu, kutchalitchi, ngakhale amayi enieniwo ankandiitana lomwelo. Abambo okha ayi. Ankati dzina la ansembe limawapinda lilime. Kwa iwo ndinali Nankhoma, mfunda wawo, ndipo Tereza anali Nankhoma wamng'ono. Dzina loti Rozina ndinali nditalimva pakamwa pawo kamodzi kokha, tsiku limene ndinalekerera mbuzi zikudya chinangwa cha eni.

Ndinabereka Tereza popanda nsalu. Lichero ndinathamanga nalo m'manja mpaka kumtsinje. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinalitengera. Nyemba zinatayika njira yonse.

Inu obadwa dzulodzuloli mwina mungadabwe kuti mwana anadziwa bwanji kolowera. Tinali titauzidwa kale. Nkhondo inali itadutsa m'midzi ina, ndipo akuluakulu anali atamva zimene anthu a mfuti ankachita. Ana tonse tinapatsidwa malamulo awiri. Ukabisala, usayankhe aliyense, ngakhale akuitane dzina. Tikabalalika, tikakumane pamwala wong'ambika pakati, kuseri kwa phiri.

Madzi anali ochepa. Tinakhala pansi m'matope, pakati pa bango, pafupi ndi pamene tinkasambira masiku onse. Tereza ndinamuika pamiyendo. Utsi unatsikira kumtsinje, wa udzu wa madenga ndi wa mapesi a m'makola. Unali ndi kafungo kokoma ka chimanga chootcha, chifukwa nkhokwe nazo zinkapsa. Phulusa lakuda linkagwera pamadzi n'kumayandama. Msundu unandigwira pa mwendo, ndipo ndinangouyang'ana mpaka unakhuta n'kugwa wokha.

Dzuwa litapendeka, mfuti zinali zitasiya. Apo m'pamene ndinamva mawu a abambo. Ankachokera kumtunda, akutsata gombe.

“Rozina! Tereza! Tulukani, kwatha!”

Tereza anatsegula pakamwa. Ndinamutseka ndi dzanja. Anandiluma chala, ine osachotsa. Chipsera chake chilipobe.

Mawu anayandikira. Ndinamva abambo akutsokomola, chifuwa chawo chija cha fodya. Sindinamve mawu a munthu wina aliyense. Anaitananso kachiwiri, kachitatu, dzina lomwelo. Mumtima ndinati: akwiya. Akudziwa kuti ndikuwamva, ndipo akwiya ngati tsiku la mbuzi lija. Miyendo inkafuna kudzuka, koma lamulo linandikhazika pansi. Ndinayamba kuwerenga mabango amene anali patsogolo panga. Mawu aja anatsikira kumunsi kwa mtsinje, akucheperachepera, mpaka anatha.

Tinagona momwemo. Kutacha tinazungulira phiri.

Pamwala wong'ambika tinapeza anthu ambiri a m'mudzi mwathu. Amayi analipo, khanda lili pabere. Anatigwira mitu, anatiyang'ana m'mapazi, kenako anafunsa za abambo. Ndinapukusa mutu. Iwo anati kudimba abambo sanafike. Tereza anayamba kunena kuti, “Ababa amaitana,” ine n'kumutsina pantchafu. Pambuyo pake ndinamuuza kuti analota. Ndinamuuza kambirimbiri mpaka anakhulupirira.

Tinadikira masiku awiri. Abambo sanabwere.

Ulendo wa kumalire unatitengera masiku atatu. Tinkapewa misewu. Tinkazula chinangwa m'minda ya anthu amene anathawa kale n'kumatafuna chosaphika. Lichero lija linagwira ntchito: masana linali mthunzi wa khanda, popuma linali mbale ya tonse. Amayi sanalire ngakhale kamodzi. Ankangoyang'ana kumbuyo nthawi iliyonse tikakwera chitunda.

Malire sitinawaone. Tinangoona mayi wina akuyanika mbale pathandala mosafulumira, wailesi ikulira pakhonde pake. Anatiyang'ana, anatiyalira mphasa, anatipatsa madzi m'chikho. Umo ndi mmene ndinadziwira kuti tafika ku Malawi.

Kumsasa wa othawa nkhondo tinakhalako mvula ziwiri. Tinapezako amalume, mlongo wawo wa amayi. Kutabwera lole yofuna anthu olima fodya, amalume analembetsa utenanti natitenga tonse. Inatitsitsa kuno ku Kasungu, dziko lopanda phiri loti ubisaleko, lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera. Poyamba ndinkaliopa. Pambuyo pake ndinalikonda, chifukwa wobwera umamuonera patali.

Nkhondo itatha, ambiri anabwerera. Amayi anapitako kamodzi. Anapeza mitengo itamera pamene panali nyumba yathu, ndipo palibe amene ankadziwa za abambo. Anabwerako, ndipo dzina lawo silinatchulidwenso pakhomo. Ine ndinakwatiwa ndi aBanda, munthu wa kuno kufupi ndi Santhe, wa munda wakewake. Tinamanga nyumba ya njerwa. Ndinabereka ana anayi, onse amoyo. Amayi tinawamangira kanyumba kuseri kwathu. Tereza anakwatiwa ku Lisasadzi. Kunena zoona, moyo unandikomera, ndipo sindifuna wina aziganiza kuti ndinakhala ndikulira zaka zonsezi.

Koma panali mwezi umodzi pachaka.

Olima fodya amadziwa kuti usanafese mbewu pa nazale, umaunjikapo mapesi n'kuwotcha kuti udzu ndi tizilombo ta m'nthaka zife. Nyengo imeneyo dambo lililonse limafuka. Ndiye ine, utsi ukangoyamba, mutu unkandigwira ngati wamangidwa ndi luzi. Mtima unkathamanga ndili chikhalire. Chakudya chinkabwerera. Ndinkagona masabata awiri, zitseko zili zotseka. Kuchipatala ankandiyeza malungo osawapeza, n'kundipatsa mapiritsi a mutu. Apongozi anga aakazi, Mulungu awasunge, ankati sanaonepo matenda anzeru ngati anga, odziwa tsiku loyamba kuthirira nazale. Tinapitako kwa sing'anga kamodzi. Imene inavutika ndi nkhuku yathu yakuda.

Ineyo ndinkadziwa chimene ndinkaona ndikatseka maso. Ndinkaona abambo ali okha pagombe, mwina atavulala, akufunafuna ana awo. Ndinkati ndikanayankha, tikanathawa limodzi. Ndinkati anachedwa pamtsinjepo chifukwa cha ine, mpaka anthu a mfuti anawapeza. Koma sindinkaganiza kuti zimenezi n'zimene zinkandidwalitsa. Ndinkati mutu ndi mutu, maganizo ndi maganizo.

Zaka zinayi zapitazo, pachipatala chathu chaching'ono panabwera mayi Gondwe, wa kumpoto, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba. Anaphunzira za maganizo a munthu, mmene nkhawa ndi mantha zimalowera m'thupi. Anamupatsa chipinda ndi mipando iwiri yoyang'anizana. Anakhala miyezi itatu akuyang'anizana ndi mpando. Anthu anali atatchula kale chipindacho kuti cha amisala, ndipo palibe amene ankafuna kuonedwa akutulukamo.

Mtsikanayo sanali wogona. Anafunsa azamba kuti akazi a kuno amalankhulira kuti zakukhosi. Anamuuza kuti kumjigo kuli makutu ambiri, kutchalitchi kuli manyazi, koma m'chigafa, nthawi yosankha fodya, pakamwa pamamasuka. Ndi zoona. Mumakhala moyandikana, maso ali patsamba, manja akugwira ntchito. Palibe amene amakuyang'ana kumaso.

Anabwera pa njinga yamoto, nsalu ali nayo m'chikwama, n'kukhala pansi nafe. Kusankha sankadziwa. Ankaphatikiza tsamba lapansi ndi la kunsonga, ndipo tinamuseka mpaka misozi. Iye ankaseka nafe. Sabata yoyamba sanafunse kanthu. Yachiwiri anatiphunzitsa kupuma: kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, kuusunga pang'ono, kuutulutsa mochedwa ngati ukuuzira phala la mwana. Tinasekanso. Tinati boma latha nzeru, latumiza munthu kudzaphunzitsa agogo kupuma.

Komabe tinkabwera, Lachinayi lililonse, akazi asanu ndi atatu. Ngakhale Abiti Saidi, amene mwamuna wake ali ndi sitolo pa Santhe ndipo salima fodya, ankabwera kudzasankha wa eni. Lamulo linali limodzi: nkhani ya mnzako usapite nayo kumjigo. Wina ananena za mwamuna womwa. Wina za mwana amene anapita kunja osatumizanso mawu. Sitinkapatsana mankhwala. Tinkamvetsera, kenako tinkafunsa mwini nkhani chinthu chimodzi chaching'ono chimene angachite sabata imeneyo, ndipo Lachinayi lotsatira tinkamufunsa ngati wachita.

Ine ndinkanena za mutu basi. Tsiku lina mayi Gondwe anajambula mzere pansi, n'kuudula magawo khumi ndi awiri, miyezi ya pachaka. Anandipatsa timiyala kuti ndiike pa miyezi imene ndimadwala, chaka chatha, chaka chinacho, mpaka pamene ndikukumbukira. Timiyala tonse tinaunjikana pamalo amodzi. Anandifunsa chimene chimachitika mwezi umenewo. Anzanga anayankha okha kuti ndi wowotcha nazale.

“Nanga utsi umenewo, amama, munayamba kuumva kuti?” anafunsa, maso ali patsamba.

Ndinasankha masamba ena asanu ndisanayankhe. Kenako ndinanena zonse. Bango, dzanja pakamwa pa Tereza, mawu a abambo. Aka kanali koyamba kuti nkhaniyi ituluke pakamwa panga, ndili kale ndi zidzukulu. Ndinkayembekezera kuti wina asuntha kukhala patali nane. Palibe anasuntha. Abiti Saidi anangotenga mulu wanga wa fodya n'kuyamba kundisankhira.

Mayi Gondwe sanandiuze kuti ndilibe mlandu. Akanatero ndikanamutsutsa. Anandifunsa kuti mdzukulu wanga wamkazi ali ndi zaka zingati. Ndinati khumi ndi zinayi. Anafunsa chimene ndingamuuze mwanayo atachita zimene ndinachita. Yankho ndinkalidziwa, ndipo silinali limene ndinkadziuza ndekha. Kenako anafunsa ngati alipo wina wamoyo amene nkhaniyi ndi yakenso. Chinthu changa chaching'ono cha sabata imeneyo chinakhala chimenecho. Sichinali chaching'ono. Chinanditengera masabata asanu, ndipo Lachinayi lililonse akazi aja ankandifunsa osatopa.

Ndinaitanitsa Tereza ku Lisasadzi. Tinakhala atatu m'chigafa chathu, masana, fodya ali patsogolo. Amayi maso anachita mdima, koma zala zawo zimadziwa tsamba kuposa maso anga. Ndinayamba ndi Tereza. Ndinamuuza kuti sanalote. Anayang'ana chala changa nthawi yaitali, n'kunena kuti kukoma kwa magazi m'kamwa sanakuiwale, kungoti sankadziwa kuti anali a ndani.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaima. Ndinkadikira kuti anditukwane.

“Anaitana kuti chiyani?”

“Anati tulukani, kwatha.”

“Sindikufunsa zimenezo. Dzina.”

“Rozina.”

Anaika tsamba pansi. “Ndiye a mfuti aja anali nawo kumbuyo kwawo.”

Anatifotokozera. Anthu a mfuti akagwira mwamuna, ankamuyendetsa patsogolo kuti aziitana banja lake lituluke kobisala, iwo akutsatira mwakachetechete. Abambo ndi amayi anamva zimenezi nkhondo isanafike kwathu, ndipo anapangana. Abambo anati akadzaitana Nankhoma, ndiye kuti ali okha. Akadzaitana dzina la ansembe, aliyense akhale pomwe ali. Ife ana sanatiuze, poopa kuti tikazinena kosewera. Ankayesa kuti tsikulo likadzafika amayi adzakhala nafe.

“Nkhanga zinapangana kusanapse,” anatero amayi.

Ndinapsa mtima. Ndikunena poyera, ndinapsa mtima kwambiri. Ndinawafunsa chifukwa chimene anandisiyira ndikudwala zaka zonsezi, yankho lili m'kanyumba ka kuseri kwanga. Iwo anandibwezera funso: kodi ndinawauzapo kuti abambo anaitana? Ndinali ndisanawauzepo. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Kenako amayi anaulula zawo. Zaka zonsezi, iwonso anali ndi nkhawa yawo. Abambo sanafike kudimba, sanafikenso pamwala, ndipo amayi ankaganiza kuti mwina mantha anawagwira, anathawa okha n'kutisiya. N'chifukwa chake dzina lawo silinkatchulidwa. “Ndiye anakumbukira,” anatero. Ananena kawiri. Analira tsiku limenelo, misozi imene sanalire panjira.

Ine ndinakumbukira chinthu china. Kubango anatitumako ndi abambo omwewo. Ankadziwa pamene tinkasambira. Anafika pafupi mpaka ndinamva chifuwa chawo, ndipo sanaime. Anapitirira nawo anthu aja kumunsi.

Sindinachire tsiku limodzi ngati m'nthano. Chaka chimenecho ndinagonabe, koma masiku atatu okha, chitseko chili chotsegula. Mayi Gondwe anandilangiza kuti ndisamathawe utsi, koma ndiziuyandikira pang'onopang'ono, mnzanga ali pambali. Ndinayamba ndi kuima pakhonde ena akuwotcha kudambo. Kenako ndinafika pampanda. Mtima ukathamanga ndinkapuma kupuma kuja tinkakuseka, n'kumatchula zimene ndikuona: keni, khasu, chulu, ng'ombe za aneba. Ndinkadziuza kuti uwu ndi utsi wa nazale ya aBanda, ndipo kuseri kwake kulibe munthu wa mfuti.

Pano mayi Gondwe anasamutsidwira kwina, koma asanachoke anaphunzitsa atatu mwa ife. Ndili ndi gulu langa m'chigafa cha mudzi woyandikana nawo. Amuna nawo ayamba lawo, ngakhale amati amangokumana kuti akambirane za mbewu. Nkhani ikatikulira, monga munthu akamanena zodzichotsa moyo, sitichedwa nayo, timamuperekeza kuchipatala. Zina zonse timazitha tili pansi, tsamba lili m'manja.

Tinachoka kwathu tili asanu, tinafika anayi. Khanda lija ndi Paulo, ali ndi imvi tsopano ndipo amakonza njinga pa Santhe. Tereza ali ndi zidzukulu zitatu. Lichero linatha ndi chiswe kumsasa. Abambo sitidziwa pamene anagona. Chaka chatha tinawachitira Misa, ndipo amayi anatchula okha dzina lawo pamaso pa mpingo.

Chaka chino nazale ndawotcha ndine. ABanda anandipatsa machesi. Mapesi anali ouma bwino ndipo moto unagwira msanga. Mutu unandipweteka pang'ono, ndinapuma, unaleka. Amayi anali atakhala pachulu, pamene tinawaikira mpando. Moto sankauona, koma ankaumva kulira kwake. Moyo wawo wonse akhala akundiitana Rozina.

“Nankhoma!” anaitana. “Motowo ukulowera kumpanda.”

Ndinayankha.